Chaka Chimene Ndinali Makutu a Agogo a ku Oakville

Ntchito imene ndinaipeza ku Oakville, m'dziko la Canada, chapakati pa zaka za m'ma 1970, sindinaipeze chifukwa cha mapepala anga a unamwino. Ndinaipeza chifukwa cha Chichewa. Mayi wina wachizungu wogwira ntchito ku banki m'tauni ya Toronto anafunsa kutchalitchi kwathu ngati kunali munthu wa ku Malawi woti azisamalira bambo ake masana. Bambowo anabadwira pa mishoni ina kwathu nthawi ya atsamunda, ndipo anachokako ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tsopano, atakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, Chingerezi chinali kuwathawa pang'onopang'ono, m'kamwa n'kumatsala chilankhulo chimene ankasewera nacho ndi ana a m'mudzi. Mwana wawoyo sankatolapo ngakhale liwu limodzi.

Tsiku loyamba nkhalambayo inandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, kwanu n'kuti?"

"Ku Dedza, agogo."

"Wabodza. A ku Dedza sakhala ndi timiyendo toonda chonchi. Umadya koma?"

Ankalankhula ngati kamwana, aliyense kwa iwo anali "iwe". Ine ndinawatcha agogo tsiku lomwelo, ndipo sindinasinthe.

Mayiyo anandiuza zonse ataima pakhomo, chikwama chili m'manja, akuthamangira sitima. Bambo ake anali atasochera kawiri ndi kugwa kamodzi. Chikachitikanso china, akawasiya kunyumba yosungirako okalamba. Anati sakufuna kutero, koma sangathenso kugwira ntchito mtima uli m'mwamba. Agogo ankazidziwa zimenezi. Tikadutsa pafupi ndi nyumbayo ankatembenuzira nkhope kumbali, n'kuti, "Kumeneko ndikalankhula ndi ndani?"

Moyo wawo wonse anali munthu wowedza. Anali asanu pagulu pawo, ndipo anzawo anayi anali atamwalira. Ndodo ya mbedza sankathanso kuiponya, koma anali ndi makina ofufuzira zitsulo pansi: ndodo yaitali yokhala ndi chimbale kumapeto, kabokosi ka mabatire pachogwirira, ndi mahedifoni olumikizidwa ndi chingwe. Chimbalecho chikadutsa pamwamba pa chitsulo, mahedifoni ankalira. Vuto linali lakuti makutu a agogo anali atatha, kulirako sankakumva. Choncho tinagawana ntchito. Iwo ankatsogola akugwedeza makina uku ndi uku, ine ndinkavala mahedifoni n'kumatsatira pambuyo, chingwe chili pakati pathu ngati mbuzi yopita kumsika. Kukalira ndinkawagwira pachigongono, n'kugwada ndi kafosholo.

Tinkayenda m'mphepete mwa nyanja, pamene mtsinje umathira, ndi m'maiwe akale kuseri kwa tauni. Tinkakumba zitsekerero za mabotolo, misomali, mbedza zadzimbiri.

"N'chiyani chimenecho?"

"Chitini cha nsomba, agogo."

"Makutu ako agona iwe. Tchera bwino."

Chimene ankafuna ndi timitovu tomizira mbedza. Pagulu pawo aliyense ankasungunula mtovu wake kunyumba, wina m'sipuni, wina m'chikombole chodzisemera, kotero kuti kalikonse kanali ndi maonekedwe a mwini wake. Ndikawapatsa, ankakapukuta ndi chala chachikulu, kukayandikiza kumaso, n'kukapatsa moni ngati akulankhula ndi mwini wake. "Ndiwe wadazi iwe. Unali waulesi, taona mmene unakapindira." Kunyumba ankaika m'mabotolo a jamu pawindo, botolo lililonse la munthu mmodzi. Mabotolo atatu anali ndi kanthu. Lachinayi, la mnzawo wapamtima amene ankapanga timitovu tonga dontho la madzi, linali lopanda kanthu.

Ine ndinakula mwamasiye. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo agogo anga aakazi, amene analibe nyumba yawoyawo, ankayenda nane m'makomo a achibale, kuno miyezi ingapo, uko chaka. M'makomo a eni ndinaphunzira kukhala pakona, kuwerenga nkhope za akulu, kuyankha chimene ndafunsidwa basi. Wamkulu sumukoka, sumutsekereza njira, sumukweza mawu. Ku Oakville makhalidwe amenewa ankawakonda. Mayiyo ankati sanaonepo wantchito wofatsa ngati ine.

Chisanu chonse tinakhala m'nyumba, nthaka itauma gwa. Chakumapeto kwa Malichi chipale chofewa chitayamba kusungunuka, agogo anavuta kuti tipite kudziwe lina pa famu yakale, kumene mnzawo uja ankakonda kukhala. Mathirakitala anali atayamba kale kusalaza mbali ina ya famuyo kuti amangepo nyumba. "Akwirira, iwe. Tikachedwa akwirira." Ndinawaveka majuzi awiri, tinanyamuka chakum'mawa.

M'mbali mwa dziwe munali matope, koma pamwamba pa madzi panali pakadali ayezi wotuwa, wonyowa. Tinayenda m'mphepete kwa kanthawi. Pafupi ndi chitsa cha mtengo, agogo anatambasula mkono, chimbale chinadutsa pamwamba pa ayezi, ndipo m'makutu mwanga munalira. Kulira kwake kunali kochepa koma koyera, kumene ndinali nditakuzolowera pa mtovu.

Sindinawagwire pachigongono. Koma anacheuka n'kundiyang'ana kumaso.

"Kwalira?"

Ndikanangopukusa mutu. Iwo sakanadziwa, makutu anali anga. Koma wamkulu anali atandifunsa, ndipo mutu wanga unavomera wokha.

"Pamenepo! Ankakhala pamenepo. Madziwa sankafika kuno kale."

Anaponda pa ayezi. Phazi limodzi, lachiwiri.

"Agogo, bwererani. Chonde bwererani."

Ndinalankhula ndi mawu amene ndinkawaitanira ku tiyi, mawu oti munthu wogontha, atandifulatira, sakanawamva. Chingwe chinakungika, mahedifoni anayamba kundikoka mutu. Ndikanachigwira n'kukoka, akanaima, pakuti makinawo sakanawasiya. M'malo mwake ndinavula mahedifoni n'kuwatula, kuopa kuti ndingakoke munthu wamkulu. Ndinawaona mahedifoniwo akukwekwereka pa ayezi kutsatira agogo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana manja anga akuchita zimenezo, ndipo sindikudziwabe mmene ndikanawaletsera.

Ayezi anasweka popanda phokoso lalikulu. Agogo anamira mpaka m'chiuno, n'kukhala pansi m'matope, madzi kufika pachifuwa. Apo ndiye ndinakuwa. Ndinalowa m'madzi, kuzizira kwake ngati mipeni, ndinawagwira m'khwapa, koma anali olemera, miyendo itazika. Bambo wina woyendetsa thirakitala anathamanga kudzatithandiza, ndipo anatitengera kunyumba pa galimoto yake. Makina anatsala m'dziwe.

Agogo ndinawavula, kuwapukuta, kuwafunditsa mabulangete, kuwamwetsa tiyi wa shuga wambiri. Zovala ndinachapa ndi kuumitsa. Pofika masana anali atasiya kunjenjemera. Anandigwira dzanja.

"Usamuuze, wamva? Unene kuti tinali m'nyumba."

"Agogo, akafunsa makina?"

"Unene kuti ndabwereketsa. Iwe, usamuuze. Ndikupatsa mabisiketi onse."

Ndinakhala pampando wa kukhitchini kudikira sitima ya madzulo. Ndinaganiza zonama. Ndinaganizanso za chifuwa chawo, chimene chinali chitayamba kulira pang'ono akamapuma, ndi zakuti dokotala ayenera kudziwa. Ndinaganiza za mawa ndi mkuja, ine ndekha ndi munthu amene sindinathe kumuimitsa. Palibe njira imene inandionekera yabwino.

Mayiyo atalowa anaona nsapato za bambo ake pafupi ndi chotenthetsera nyumba, zitadzaza nyuzipepala. Nsapatozo ndinali nditalephera kuziumitsa. Anazinyamula, madzi anadontha. Anandifunsa kuti chachitika n'chiyani. Agogo, ali pasofa, anamwetulira mwana wawo, koma mawu analunjika kwa ine.

"Tseka pakamwa, mwanawe. Ndakupempha."

"Akuti chiyani?" mayiyo anafunsa m'Chingerezi.

Miyezi yonseyo ndinali pakamwa pa bambo kwa mwana wawo, ndipo mayiyo ankakhulupirira liwu langa lililonse. Akulu awiri anandiyang'ana, wina akufuna ndikhale chete, wina akufuna ndiyankhe. Ndinayang'ana pansi, n'kufotokoza zonse: dziwe, ayezi, bambo wa thirakitala. Za mahedifoni ndinanenanso. Mayiyo sanakalipe. Anakhala pansi ndi nsapato m'manja n'kulira, kenako anaimbira dokotala.

Chifuwa chinawagoneka agogo m'chipatala milungu iwiri. Potuluka sanabwerere kwawo.

Ndinapita kukawaona Loweruka lina, kuchokera kumene ndinkakhala ku North York pa basi, sitima yapansi, kenako sitima ya ku Oakville. Nyumbayo inali yaukhondo, anamwino ake aulemu. Mmodzi anandiuza kuti agogo sakulankhula ndi munthu, kupatula nthawi zina akamang'ung'udza zinthu zosamveka, ndipo chakudya akukana. Anandipempha kuti ndiwauze m'chilankhulo chathu kuti adye.

Agogo anali pampando, atayang'ana pawindo, ataonda. Ndinagwada pambali pawo, ndinayandikiza pakamwa kukhutu kwawo.

"Agogo, ndine. Mwadzuka bwanji?"

Sanacheuke.

"Akuti mudyeko pang'ono. Phalali lizizira."

Ndinaganiza kuti sakundizindikira. Kenako, maso ali pawindo pomwepo, anati, "Wandineneza iwe."

"Inde, agogo. Pepani."

"Ndimayesa ndiwe mnzanga."

Namwino uja anali ataima pakhomo ndi sipuni. Anandifunsa mwachimwemwe kuti anena chiyani, popeza aka kanali koyamba kuwamva akulankhula mawu olunjika. Ndinamuuza kuti akuti adya nthawi ina.

Ndinapitakonso Loweruka lililonse mpaka masamba atayamba kugwa. Ndinkakhala pambali pawo ola limodzi, kuwauza za nyengo, za kutchalitchi, za makalata ochokera kwathu. Nthawi zina ankalola ndiwadyetse. Sanandiyankhenso, ndipo m'nyumba monsemo munalibe wina wodziwa Chichewa woti akanamuyankha.