Nyumba ya matayala imene amalume anatisankhira

Amene anatilakwira ndi amalume anga a Waisoni, mlongo wawo wa amayi wa bere limodzi. Ndawatchula poyamba pomwe kuti wina asadzanene kuti ndinkazungulira. Sanatitukwane, sanatibere ngakhale nkhuku. Iwo anangotithandiza kusankha nyumba. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili mu Sitandade 6.

Bambo anga ankamata matayala pa Lirangwe, m'mbali mwa msewu waukulu. Amayi anakhala kumeneko chitengwa, ndipo ine ndi mlongo wanga Tadala tinabadwira komweko. Bambo atamwalira, achibale awo anawasudzula amayi mwamwambo, n'kuwauza mokoma kuti abwerere kwawo. Tinanyamula mphasa, mapoto ndi zitsulo za bambo, ulendo wa ku Chileka, kumudzi kwa amayi, kumene ndege zimadutsa pansi kwambiri moti mbuzi zinazolowera, sizidzutsanso mutu.

Tinapeza mudzi utasintha. Minda imene agogo anasiyira ana awo inali itadulidwadulidwa mapuloti, anthu a m'tauni akumanga mipanda ya njerwa. Wodula anali amalume, monga mwini mbumba. Panatsala kamunda ka amayi kokha, kotalika ngati lamba, kokhala ndi mtengo wa mango kumtunda ndi chulu kumunsi.

Amayi atanena kuti akufuna kuzika mitengo amange kanyumba, amalume anawayankha akumwetulira.

"Achemwali, malo ndi anu, ndani akukana? Koma musamange kaye. Pali kankhani ka malire ndi anthu a kuseri kwa chulu. Mukangokumba dzenje la mzati, mlandu wadzuka. Mundipatse nthawi ndikonze."

Tinayamba kugona m'khitchini mwawo. Unali mwezi wotentha uja, mitambo itayamba kuunjikana madzulo. Denga la khitchiniyo linali loonetsa nyenyezi, makoma akuda bii ndi mwaye, ndipo Tadala, amene anabadwa ndi mphumu, ankapuma ngati wina akucheka thabwa. M'mawa akazi awo a amalume ankabwera kudzakoleza moto tisanapinde mphasa, n'kumatidumpha ngati nkhuni. Amayi ankafunsa za malire aja sabata iliyonse. Yankho linali lomwelo: ndikukonza.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera kwa a Chikopa, mnzawo wa bambo, amene ali ndi bwalo la magalimoto akufa pa Lirangwe. Ankafuna kompuresa ndi zitsulo za bambo. Anati ndalama alibe, koma amayi apite akasankhe pabwalopo chinthu chimodzi choti tizigonamo. Ndikukumbukira kuti amayi anaseka, koyamba chichitikireni maliro.

"Atikaniza kumanga," anatero. "Kuimika sanatikanize."

Tsiku lopita, amalume anati atiperekeza, ndipo anatilipirira minibasi. Ine ndinaganiza kuti mtima wawo wafewa.

Pabwalopo panali zinthu zitatu zoti munthu n'kulowamo. Choyamba chinali minibasi yopanda injini, yokhala chamimba pansi, denga lodyeka ndi dzimbiri. Amayi analowa atawerama, natuluka atawerama. Chachiwiri chinali thirela yaitali yotsekeka ngati bokosi, imene kale inkanyamula feteleza. Inalibe zenera, fungo lake linkalasa m'mphuno, ndipo matayala anali kumbuyo kokha. Kutsogolo inaima pa miyendo iwiri yachitsulo. A Chikopa anandiitana kuti ndisuzumire kunsi, nandionetsa chitsulo chonenepa ngati mkono chimene chimalowa pambale ya hosi, mutu uja wa galimoto yaikulu umene umakoka thirela.

"Mlamu," anawauza amayi, "ichi n'chonyansa, sindikunamizani. Koma chikakhala, chakhala. Popanda hosi sichisuntha, ndipo mvula ikagwa hosi silowa njira ya kwanuko. Mazenera ndikuboolerani."

Chachitatu chinali kalavani imene anthu omanga msewu anaisiya. Yoyera, ya mzere wachikasu, mazenera awiri agalasi, mabedi osanjikizana, ngakhale kakabati ka mbale. Inali ndi matayala anayi ndi mkono wokokera kutsogolo, wokhala ndi mphete. Ine ndi Tadala tinakwera pabedi lapamwamba n'kukana kutsika.

Amayi anazungulira thirela ija kawiri, akugogoda makoma ndi chala. Ndinaona kuti mtima wawo uli pamenepo. Amalume anaonanso.

"Achemwali, mwana wa mphumu m'bokosi la feteleza? Mukufuna kumupha? Ndiye anthu azinena chiyani, kuti mlongo wake wa Waisoni amagona ngati matumba? Tengani iyi, ya mabwana iyi. Thirakitala yokokera ndipeza ndine."

Atatchula chifuwa cha Tadala, nkhani inathera pomwepo. Mayi aliyense akanagonja. Pamene tinkanyamuka, a Chikopa anawakokera amayi pambali, koma mawu awo ndi a munthu wozolowera kulankhula pakati pa mahamala, tonse tinamva.

"Mukafika muchotse matayalawo. Muikhazike panjerwa."

"Ayi, ayi," anatero amalume msangamsanga. "Njerwa ndi maziko, maziko ndi kumanga. Tinagwirizana kale. Isiyeni pamatayala ake."

Tinaiimika pansi pa mango. Sindinama, masabata amene anatsatira anali okoma. Mvula yoyamba inatipeza tili m'kati, tikumva ikugunda padenga popanda dontho limodzi kutigwera. Amayi anadzala chimanga kuzungulira, maungu kuchulu, nasoka makatani a chitenje. Tadala anayamba kupuma bwino. Kusukulu anzanga ankanditcha kondakitala, ankati ndikamadzuka ndimafunsa amayi kuti "otsika alipo?" Ndinamenyana nawo kangapo, koma pansi pa mtima ndinkanyada. Ndani wina m'kalasi monse anali ndi bedi lapamwamba?

Amalume ankabwera kawirikawiri. Sankalowa m'kati. Ankazungulira kunja, kuponda tayala lililonse ndi chidendene, ndipo tsiku lina anabwera ndi pampu, natuma ine kuti ndipope limene linayamba kuphwa.

"Tayala likakhala lophwa limaola, mphwanga," anatero. Ndinapopa mpaka thukuta, ndikuganiza kuti ndili ndi malume wosamala.

Chimanga chitafika m'chiuno, tsiku lina tili m'kalasi, mnyamata wina amene anachedwa analowa akupuma mwamphamvu. Sanapereke ngakhale moni kwa aphunzitsi.

"Dalitso, nyumba yanu ikupita."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinadumphira pazenera.

Ndinakumana nayo panjira ya kuchigayo. Thirakitala yofiira kutsogolo, nyumba yathu pambuyo, ikugwedezeka m'matope ngati ng'ombe yopita kokaphedwa, mapesi a chimanga chathu atakola kunsi. Amayi anali atapita kumsika ndi dengu la tomato. Tadala sanapite kusukulu tsiku limenelo chifukwa cha chifuwa, ndipo nkhope yake inali pazenera, pakamwa pali yasa, koma kulira kwake sikunkamveka chifukwa cha injini. Palibe amene anagogoda kuti aone ngati muli munthu. Anangokola mphete ija n'kunyamuka.

Ndinakuwa kuti aime. Woyendetsa sanacheuke. Ndinatola mwala n'kugenda, unamupeza paphewa, ndipo pamenepo anaima. Ndinatola wina, waukulu, koma manja awiri anandigwira kumbuyo. Anali amalume, amene ankatsatira wapansi atapinda buluku kuti lisade.

"Taona khalidwe la kwa bambo ako," anatero. "Tikungoisuntha pang'ono. Eni malo abwera."

Ndinawaluma padzanja. Ndinalowa m'kalavani n'kupeza mbale zitasweka, ufa utamwazika pansi ponse, Tadala atagwira chitsulo cha bedi, milomo itayamba kuda. Ndinamubereka n'kuthamanga naye kuchipatala. Pobwerera madzulo ndi amayi, tinapeza nyumba yathu ataisiya m'mbali mwa msewu, yopendekeka, tayala limodzi lili m'ngalande. Kumunda kwathu anyamata anali atazika kale mabikoni a simenti osonyeza malire a ploti, limodzi pafupi ndi mango, pamene panali mafuwa a amayi.

Amayi anakasuma kubwalo la mudzi. Ndinapita nawo, ngakhale anandiuza kuti ndikatseke pakamwa. Amalume anaimirira atavala jekete, dzanja lomanga kansalu, nalankhula mofatsa ngati mkulu wa mpingo.

"Ine sindinagwetse nyumba ya munthu. Achemwali anamanga? Andionetse dzenje limodzi la mzati. Chimene chinali pamenepo ndi galimoto, ndipo galimoto malo ake ndi kumsewu. Iwowa anakwatiwa ku Lirangwe, kuno anabwera kudzacheza. Mlendo amaimika, mwini mudzi amamanga."

Anthu anang'ung'udza, amayi ena anapukusa mitu, koma ambiri mwa amene anakhala pamenepo anali atagulitsako kapena kudyako za mapuloti. Munthu amene amalume anamugulitsa munda wathuwo anati iye anafunsa ngati pamalopo pali nyumba, ndipo anauzidwa kuti palibe. Amayi anafotokoza za malire a kuseri kwa chulu. Anthu a kuseri kwa chulu anati iwo nkhani imeneyo akuimva koyamba.

Tinagona m'mbali mwa msewu muja masiku angapo, magalimoto akutithira matope, ana a sukulu akusuzumira pazenera. Amayi sankadya. Ankangokhala pakhomo atagwira tsaya, akuyang'ana kumene kunali chimanga chawo. A Chikopa atamva, anatumiza lole n'kutikokera ku Lirangwe, kumapeto kwa bwalo lawo, pakati pa minibasi ija ndi thirela ija. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangondibwereka jeke ndi sipanala. Ndinachotsa matayala onse anayi ndekha, manja akutuluka magazi, ndipo kusukulu sindinapondekonso. Ndinayamba kumata matayala pamalo pomwe pankakhala bambo, kenako kabaza. Anthu pano amati ndine wamtima wapachala. Sindikana.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti tsiku lija pabwalo la a Chikopa ife tinkayang'ana mazenera ndi mabedi, amalume ankayang'ana mphete yokokera. Munthu amene wakumana nthaka akayamba kukusankhira denga, usaone kukongola kwa denga, ufunse kuti iye apindula chiyani. Ndipo kwathu kuno mitengo inayi yozika pansi, yofolera ndi udzu wowola, ili ndi mawu pabwalo kuposa chinthu cha galasi choima pa mphira. Amayi akanangokumba dzenje limodzi. Koma ankalemekeza mlongo wawo, ndipo ulemu umenewo ndi umene amalumewo anagulitsa pamodzi ndi munda.

Amayi anakhala m'kalavani muja zaka zonse zotsala za moyo wawo. Makoma anayamba kufumbwa, denga tinalimata ndi phula, m'chilimwe munkatentha ngati uvuni. Anamwalira chaka chatha, mvula ili pakati. Khomo la kalavani ndi lopapatiza, bokosi silikanalowa, choncho tinawatulutsa pamphasa n'kuwagoneka panja, pansi pa lona imene a Chikopa anamanga kuchokera kuthirela ija. Amayi a mpingo anakhala mozungulira, madzi akudontha m'mphepete.

Amalume anafika ndi galimoto yobwereka, atavala jekete lomwe lija. Anakhala pampando, analira pang'ono, kenako anandiitanira pambali pamodzi ndi Tadala ndi akuluakulu awiri a mpingo.

"Mphwanga, izi sizikuoneka bwino. Maliro a mlongo wanga pakati pa zitsulo? Anthu atiseka. Tiwanyamule akagone kunyumba kwanga, m'chipinda chochezera, mawa tikawaike kumanda a makolo. Malo ndauza kale adzukulu, pafupi ndi amayi awo. Munthu amagona kwawo."

Tadala anandigwira malaya, poti amandidziwa. Ulendo uno sindinatole mwala. Ndinawayang'ana m'maso, ndipo ndinalankhula mokweza kuti ndi amayi a pansi pa lona omwe amve.

"Amalume, kumanda tipita, chifukwa amayi anga ndi mwana wa mudzi umene uja, ngakhale inu munauza bwalo kuti ndi mlendo. Koma m'nyumba mwanu salowa. Ali moyo munawapatsa khitchini, lero mukufuna muwapatse pabalaza kuti anthu akuoneni. Agona pompano, pakhomo pawo. Ndipo musadzitame kuti mwawapezera malo. Mwawapezera chifukwa kumanda kokha ndi kumene simunapeze wogula."