Tsiku Limene Amayi Anakwecha Injini

Bambo anagula galimoto atakula kale, chaka chimene fodya anawayanja. Kanali kapikapu koyera, kotopa ndithu, koma kwathu ku Nsaru kanalandiridwa ngati mwana wochokera ku Joni. Asanadziwe n'komwe kubwerera m'mbuyo, bambo anali ataphunzira kale kutsegula boneti. Akaima paliponse, kaya pachigayo kaya pamsika, ankatsika, kutsegula boneti, n'kuika manja kumbuyo. Azibambo anzawo ankabwera kudzaima nawo, onse n'kumayang'ana injini mwaulemu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa chomwe akuona.

Ife ana aakazi akuluakulu tinapita kutchalitchi pa ngolo tsiku la ukwati wathu, ndipo zimenezi zinkawawawa bambo. Choncho mng'ono wanga, chitsirizira chathu, atapeza banja, bambo analonjeza pamaso pa ankhoswe: "Uyu yekha ndimuyendetsa ndekha pagalimoto mpaka pakhomo la tchalitchi. Za ngolo ayi." Anali mkulu wa mpingo, munthu wosabweza mawu, ndipo mudzi wonse unamva.

Amayi anali ndi nkhawa yawoyawo. Kwa iwo ukhondo wa munthu suonekera pa chitenje koma kunsi kwa mphika. Mlungu wonse anali akuzira makonde ndi kukwecha mapoto mpaka kudzionera nkhope. Ankadziwa bwino kuti mwamuna wawo akangofika kutchalitchi adzatsegula boneti, asewere ochokera ku Namitete ali pomwepo. Ndipo m'bonetimo anali atasuzumiramo kale: girizi wakuda bii, fumbi, ndi makoko a mtedza osiyidwa ndi makoswe.

M'mawa wa tsikulo bambo anatuta mabenchi, kenako anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango n'kupita kukasamba. Ine ndinali m'nyumba kuveka mkwatibwi. Ndinangomva phokoso ngati la madzi ogwera pa makala. Potuluka ndinapeza nthunzi ili tolotolo, amayi ndi azakhali, alongo awo a bambo, ataweramira injini. Pambali pawo panali ndowa za madzi a pamjigo, phulusa m'mbale ndi zitsononkho.

"Amayi, mukutani kodi?"

"Ukuona ngati ndikupalira? Tenga ndowayo uthire pali mawayapa. Litsiro labisala pamenepo."

"Koma injiniyi ndi yotentha!"

"Mphika umatsukika bwino ukadali wotentha. Eti alamu?"

Azakhali anavomera ndi mutu, manja osasiya kukwecha. Ndinakana kuthira. Amayi ananditcha waulesi wa kusukulu, nakhuthulira okha ndowa yonse.

Kunena zoona injini inawala. Bambo anatuluka atavala suti, naima kaye kuyang'ana madzi akuda amene ankayenderera pansi pa galimoto. Analowa, napotokola kiyi. Galimoto inatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Azibambo anakankha mpaka thukuta kunyowetsa malaya a ukwati, koma ayi ndithu. Dzuwa linali likukwera, ndipo abusa athu sankadikira munthu, chifukwa anali ndi ukwati wina kumpingo wina masana.

Amalume anati, "Alamu, tingomanga ngolo basi."

Mng'ono wanga atamva mawu akuti ngolo anayamba kulira, misozi n'kumatsuka paudala yense amene ndinavutika kumudzoza. Amayi anaima poteropo, chitsononkho chikadali m'manja. Anandimvetsa chisoni. Tonse tinadikira kuti bambo akalipe.

Sanakalipe. Anati, "Bweretsani ng'ombezo ndi tcheni. Ngoloyo muisiye."

Umo ndi mmene tinayendera. Ng'ombe ziwiri pagoli zikukoka galimoto, amalume patsogolo ndi chikwapu atavala jekete, mkwatibwi pampando wakutsogolo, bambo atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, nkhope ili gwa. Pokhota ankatulutsa dzanja pawindo kuchenjeza magalimoto a m'mbuyo, pamene m'mbuyomo munali ife amayi oimba ndi agalu. Anthu a m'njira anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma nthungululu anaimbabe.

Titafika, abusa anali asanachoke. Bambo anatsika, nazungulira, natsegulira mwana wawo chitseko. "Ndakufikitsa, mwanawe," anatero. Iye anaseka misozi ili m'maso. Kenako, poti chizolowezi sichimva manyazi, bambo anatsegula boneti. Asewere anaunjikana. Amayi ake a mkwati anasuzumira, nawomba m'manja: "Koma ndiye ukhondotu! Mwana wathu wagwa m'manja abwino." Amayi anandiyang'ana cham'mbali, ndipo ulesi wanga unatsimikizika mpaka lero.

Madzulo mawaya atauma, galimoto inalira yokha. Pambuyo pake makaniko wa pa Nsaru anawauza bambo kachitidwe kake: kudikira injini izizire, kuchotsa waya wa batire, kukulunga zamagetsi ndi majumbo, kenako kupukuta ndi kansanza konyowa pang'ono. Bambo ankachita zimenezi Loweruka lililonse. Amayi ankaonerera ali pakhonde, n'kumanena kuti kumeneko si kutsuka, n'kusisita.

Bambo atamwalira, tinagwirizana kuti bokosi lawo lipite kutchalitchi pa galimoto yawo yomweyo. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinapeza boneti ili yotsegula, amayi ataweramiramo. Ndinathamangirako. Nditayandikira ndinaona waya wa batire uli pambali, majumbo a shuga atamangidwa bwinobwino pa mawaya onse, kansanza kali m'manja mwawo. Ndowa panalibe.

"Anzawo aja abwera kudzasuzumira," anatero osatembenuka. "Koma lero asakokedwe ndi ng'ombe."

Amalume atabwezera waya uja n'kupotokola kiyi, galimoto inalira kamodzi n'kamodzi.