Atate mulibe, muli nsapato zokhazokha

Abale, ndine Mabvuto, ndikulemba pa foni ya amake Tisa.

Foni yanga yagwera m'ngalande ku Kapata masana ano ndipo sikuyaka. M'foniyo ndi mmene muli vidiyo ija ya malemu atate akuloza malire a munda wathu ku Madzimoyo. Mukudziwa kuti Loweruka tikukakumana ndi a Zulu, amene akuti mizere ya kumunsi ndi yawo.

Ndathamangira kwa Yusufu wokonza mafoni. Wandifunsa kuti, "Bigi, munkasunga pa kilaudi, pa intaneti paja?" Ndati ee, pa yaulere. Chaka chatha anandiuza za yolipira mwezi ndi mwezi, ine n'kumufunsa kuti, "Achotsako zingati?" Atati kumeneko sanenerera, ndinachokapo monyada.

Tatsegula kilaudi yanga pa kompyuta yake. Malo aulere anadzaza kalekale ndi zithunzi za nsapato za salaula zomwe ndimatumizira makasitomala. Nsapato zilimo zonse, ngakhale yakumanzere ija yopanda inzake. Atate mulibe.

Yusufu akuti ayesa kuumitsa foniyo, koma salonjeza. Vidiyo ikatuluka, akufuna adziwiretu koiika: kilaudi yolipira ya ine ndekha, kapena ya banja yoti tonse tizitsegula. Ya banja ndikuopa kuti wina angafufute mwangozi, koma kasungidwe kanga mwakaona nokha.

Asisi Esnati, amalume, mukuti bwanji? Ndipo ngati alipo amene ndinamutumizira vidiyoyo, chonde ayang'ane m'foni mwake pompano. Akaipeza, mtengo atchule yekha, lero sindinenerera.