Timabotolo Tiwiri Tomwe Ndinamusiyira

Anzanga, munthuyu ndinakumana naye pa firiji ya mu labu, ija yozizira mpaka zala kuchita dzanzi. Ndinali nditangoyamba postdoc, ntchito ya kafukufuku ya omwe angomaliza PhD, ndikulimbana ndi chitseko chomwe chinagwirana ndi ayezi. Anatulukira kumbuyo kwanga, magalasi atapendekeka, n'kunena kuti ndikapitiriza kukoka choncho ndithyola chitseko kapena msana. Anachitsegula ndi dzanja limodzi. Ndinaseka ngati chitsiru.

Timutche Wamtali. Nayenso anali postdoc, wa labu yoyandikana nayo.

Ntchito yanga inali yofufuza mmene mabakiteriya ena amazembera asilikali a m'thupi. Ndinali ndi timabotolo tiwiri, kena ka mabakiteriya abwinobwino, kena ka omwe ndinawachotsa jini imodzi, kachidutswa ka DNA komwe ndinkaganiza kuti ndi kamene kamawathandiza kuzemba. Ukawayang'ana ndi maso amafanana ndendende. Chowasiyanitsa n'zilembo za pabotolo basi.

Chikondi chinakoma, sindinama. Ankandibweretsera tiyi, ankandidikira ndikamawerenga mabakiteriya mmodzimmodzi, osadandaula. Mayi anga anali atayamba kale kumutchula kuti mkamwini.

Kenako mayiwo anadwala, ndinachoka milungu itatu kukawasamalira. Makiyi ndi timabotolo tija ndinamusiyira iyeyo. Nanga ndikanasiyira ndani?

Nditabwerera, ma results anatuluka odabwitsa. Mabakiteriya ochotsedwa jini aja ndi amene ankapulumuka kwambiri! Professor, abwana anga, anati zimenezi palibe anaziwonapo. Ndinagwira miyezi eyiti osapuma, ndikulemba paper yofalitsa zomwe ndinapezazo. Contract yanga inali pafupi kutha, ndipo ina ikanabwera chifukwa cha paper imeneyo basi.

Tisanaitumize, Professor anati tipange kaye sequencing, titsimikize kuti m'botolo lililonse muli zomwe zalembedwa. Nditamuuza Wamtali pa lunch, anasiya kudya. Anafunsa ngati zinali zofunikadi. Mlungu wonsewo ankangogwetsa zinthu, foni yanga osayankha bwino. Ine ndinkaganiza kuti wapeza mkazi wina, abale inu.

Tsiku loti ma results a sequencing afike, anandikokera m'kachipinda ka ma microscope n'kutseka chitseko.

"Firiji inazima iwe kulibe," anatero. "Ndinasamutsa timabotolo tako... ndinatipukuta ndi spirit."

"Ndiye?"

"Zilembo zinafufutika. Ndinalembanso mongoganizira."

Ndinagwira tebulo.

"Unadziwa liti kuti wasinthanitsa?"

"Tsiku lomwe unabwera ukuvina ndi ma results aja."

Iye ali kalikiliki kupepesa, ati ankaopa kuti ndimusiya, ati tsiku lililonse ankati anena mawa. Kenako anandipempha kuti ndikawauze Professor kuti mabakiteriya anasintha okha, poti nthawi zina zimachitika. Ndisabise, ndinaliganizira bodza limenelo. Likanandigulira miyezi ingapo.

Foni inalira. Professor akundifuna mu ofesi.

Ndinawapeza atakhala, pepala la sequencing lili patebulo. Sanakalipe. Anangofunsa kuti wina amene anakhudzapo timabotolo tanga ndi ndani.

Ndinanena zonse, kuphatikizapo zoti ine mwini sindinayezenso nditabwerera. Paper inafera pomwepo. Contract sanandiwonjezere. Panopa ndikulemba makalata ofunsira ntchito, ndikukhala kwa achemwali anga.

Wamtali amandiimbirabe, ine sindiyankha. Anzanga ena amati ndaumitsa mtima, aliyense amalakwitsa. Zoona. Kufufuta zilembo ndi spirit tonse mu labu tinachitapo, ndipo akanandiuza tsiku lomwelo ndikanalira pang'ono n'kuyambiranso, nthawi inalipo.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti munthu ameneyu anaiwerenga paper yanga katatu, mutu wanga uli paphewa pake, akundikonzera ma comma.