Amma Amadinda Kawiri

Tsiku limene namondwe anagumula khoma ladothi lotchinga mtsinje ku Koyra, boti lonyamula okalamba ndi olumala linadutsa pakhomo pa Shiuli Mondol osaima. Amayi ake, a Rokeya, omwe miyendo yawo inafa kalekale, anali pakhonde madzi akukwera. Shiuli anakuwa mpaka mawu kusasa. Woyendetsa boti anangokweza foni m'mwamba.

"Sali pa mndandanda, achemwali! Boti ladzaza!"

Shiuli anawabereka amayi akewo kumsana mpaka kumalo othawirako, madzi akulekeza m'chiuno. Anafika amoyo, koma mtima wa Shiuli unali utapsa.

Inu amene mukuti moyo wakukanani, tamverani. Mtsikanayu mayeso a sekondale analephera kawiri. Ntchito yake inali yomanga nkhanu ndi chingwe pamsika kuti zisalume ogula. Kompyuta ankangoiona pawindo.

Madzi ataphwa anapita ku bungwe limene linalemba mayina pa foni. A Tofazzal, mkulu wa zamakompyuta, anamuonetsa fomu ya amayi ake. Pa funso loti "Mudzafuna kunyamulidwa?" panali kabokosi kochepa ngati njere ya mpunga, kopanda kanthu.

"Amayi ako sanachonge. Makina salakwa."

Atakawauza kunyumba, a Rokeya anakalipa. "Ndinadinda ine! Kawiri konse!"

Shiuli anabwereka foni kwa anansi n'kutsegula fomu ija. "Amma, tadindani ndione."

Anadinda ndi chala chachikulu, kutukula, kudindanso. Abale! Umu ndi mmene amayi akuno amadindira papepala chiyambire utsikana wawo, chifukwa inki ikakhala yofooka kalaliki amakukalipira. Koma pa foni kudinda koyamba kumachonga, kwachiwiri n'kufufuta. Padzuwa kabokosi kaja sikaoneka n'komwe. Shiuli anazungulira mudzi wonse ndi foni ija, ndipo agogo ambiri anachita chimodzimodzi.

Anathamangira kwa a Tofazzal. Anamuseka.

"Ndiye tiphunzitse agogo onse a boma lino? Bwerera ku nkhanu zako, zakusowa."

"Bhai," anatero Shiuli, kutanthauza kuti achimwene, "musasinthe agogo. Sinthani bokosilo."

"Kasinthe wekha."

Iwo ankanyoza, iye anatenga ngati lamulo. Pamsika panali kashopu kokonza mafoni kokhala ndi kompyuta yakale. Shiuli ankasesamo m'mawa kuti masana mwini shopu amulole kukhala pakompyutapo ola limodzi, kuphunzira kupanga fomu yake. Chingerezi chinkamuzunguza mutu, zala zili mabala okhaokha a nkhanu. Atayesa koyamba tsamba lonse linazimiririka. Ulendo wina bokosi linakula mpaka kuphimba funso. Analira, sindikubisirani, koma m'mawa mwake tsache linali m'manja.

Patapita miyezi isanu ndi itatu anatulukira chinthu chimene ophunzira a ku bungwe lija ankachidziwa koma osachilabadira. Kabokosi kochonga kamafufutika ukakadindanso, koma timabwalo tosankhira yankho limodzi sititero: ukadinda kamodzi kapena kakhumi, yankho limakhala pomwepo. Anachotsa kabokosi kaja n'kuika timabwalo tiwiri, Inde ndi Ayi. Anatikulitsa kufanana ndi chala chachikulu cha munthu wolima. Kenako anakonza zoti bwalo losankhidwa lizisanduka chidindo cha chala, chamizeremizere, chamtundu wa inki ija ya kwa kalaliki, chooneka ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Sanapite yekha ku ofesi. Anakweza amayi ake pangolo yanjinga, ndipo atafika anatsegula fomu yakeyo pafoni pamaso pa a Tofazzal.

"Bhai, apatseni adinde mmene akufunira."

A Rokeya anadinda pa Inde. Kudindanso. Kachitatu anachita dala, akuwayang'ana a Tofazzal m'maso. Chidindo chili nji, osasuntha.

"Apa ndiye ndadinda," anatero. "Zija munkandipatsa zija zinali zoseweretsa ana."

A Tofazzal anakanda ndevu nthawi yaitali. Manyazi anali atawagwira, koma sanali munthu wouma mtima. "Shiuli, mawa ubwere. Mafomu onse uwaone."

Anawaona onse, ndipo mayina a m'midzi analembedwanso. Patatha zaka ziwiri namondwe wina anabwera, madzi n'kukweranso pakhonde lomwe lija. Shiuli anaima pamenepo, nsalu yoberekera ali nayo kale m'manja. Boti linatulukira, linachepetsa liwiro, n'kukhota.

"Azakhali a Rokeya ali kuti?" anafuula woyendetsa boti.

"Ndili pompano chindidutsire muja!" anayankha a Rokeya. "Tandinyamulani bwino, sindine thumba la mpunga!"

Shiuli anapinda nsalu ija n'kuiika pansi.

Nanga inu, n'chiyani chimene mwachiona ndi maso anu koma mukuopa kuchinena chifukwa mulibe satifiketi? Shiuli analibe. Anali ndi amayi oti asadzawaberekenso m'madzi. Akakuuzani monyoza kuti mukasinthe nokha, pitani mukasinthedi. Akakukanani koyamba, musataye mtima. Dindaninso.