Lata la Mkuwa Limene Ndinakwecha

Lata la mkuwa lija ndimaliona m'maso mpaka lero. Linali lalikulu ngati kope la kusukulu, lakuda bii ndi inki, lonunkha palafini.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinachoka kumudzi kukacheza kwa amayi ku Dubai pa holide. Ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Muraqqabat, kwa banja lina la Amwenye. Bambo awo a Madamu anali nkhalamba yoonda, ndipo tonse tinkawatchula kuti Aphunzitsi, chifukwa kwawo ku India anaphunzitsa zojambula zaka zambiri. Ankakanda mizere pamkuwa ndi kachitsulo kosongoka, n'kupakapo inki, kenako n'kudinda papepala lonyowa ndi makina a chiwongolero. Kunja kunkatentha moti galasi la windo linkawotcha dzanja, choncho ndinkakhala m'chipinda mwawo, n'kumangogwedeza mutu ngakhale pamene Chingelezi chawo chandipitirira.

Nyengo yonseyo ankalimbana ndi lata limodzi, la nkhope ya malemu akazi awo. Manja awo anali atayamba kunjenjemera, ndipo mzere umodzi unkawathera m'mawa wonse.

Kwathu mtsikana amayamikiridwa poto akawala. Tsiku lina Madamu atapita ndi Aphunzitsi kuchipatala, ndinaona latalo lili lakuda pathebulo, ndipo ndinachita manyazi m'malo mwa amayi. Ndinatenga sitiliwulu ndi sopo, n'kulikwecha monga timakwechera sefuliya, mpaka linang'anima. Ndinaliimika pawindo kuti alione akangolowa.

Madamu anakuwa. Amayi anathamanga kuchokera kukhitchini, anayang'ana latalo, kenako ine.

"Ndine, Madamu. Pepani," anatero amayi.

"Khalas, zatha! Longedza katundu wako," anayankha Madamu.

Ndinaima pakhomo nditabisa zikhadabo zakuda m'khwapa. Masiku ano ndimadzitonthoza kuti ndinali mwana, koma mawu akuti "ndine" ndinkawadziwa bwino.

Aphunzitsi anayendetsa chala pamkuwapo kwa nthawi yaitali. Atatero anayang'ana mikono yanga yopindidwa ija.

"Ndinamutuma ndine kuti alitsuke," anauza Madamu. "Ndakalamba, ndimaiwala."

Amayi anakhalabe pantchito.

M'mawa mwake Aphunzitsi anandiitana kuti ndizungulitse chiwongolero. Papepala panangotuluka chifunga chotuwa ndi diso limodzi. "Tenga, beti," anatero, kutanthauza mwana wanga. Sanakandenso lata lina mpaka anamwalira. Ndimamva kuti ophunzira awo amaonetsa zithunzi zawo m'mizinda ikuluikulu, koma chomaliza chili m'sutikesi yanga ku Hor Al Anz, kuno ku Dubai, ndipo amayi sitinakambepo nawo za icho.

Tsiku lija ndinathamangira kukhitchini ndi pepalalo, mtima uli m'malo. Ndinkaganiza kuti nkhalamba ija inaiwaladi.