Saladi Yanga Mumphika wa Nkhuku

Saladi ya Chigiriki ndinaiphunzira kwa gogo wina wa ku Greece amene ndinkamusamalira ku Etobicoke, kuno kutsidya la nyanja. Ankati kwawo ndi chakudya cha alimi, chodyera kumunda: tomato, nkhaka, anyezi, girinipepa, azitona ndi mafuta ake, pamwamba chibanthu cha tchizi choyera chamchere. Ukaikamo letesi ankakuyang'ana ngati wamutukwana. Ankalumbira kuti mbale imeneyi ndiyo inamufikitsa pa ukalamba wotero mano ali onse. Ine azitona ndinkangowamva m'Baibulo.

Amayi a bwenzi langa atabwera kuchokera ku Ntcheu, ndinaitanidwa ku Mississauga kuti akandione. Ndinali ndi mantha. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndinakula ndi agogo, ndipo ndinali nditamva kale zimene mayiwo anafunsa mwana wawo pa foni: "Mtsikana wopanda amake, anamulanga ndani?" Ndiye ndinapanga saladi ija mosamala, n'kuinyamula pamiyendo m'basi ngati khanda.

Ndinawapeza kukhitchini akukazinga nkhuku. Ndinagwada, tinapatsana moni, n'kuwapatsa mbale ija ndi manja awiri. Anavundukula.

"Eee! Mwachita kuduliratu? Mafuta ndi mchere momwemo?"

Ndisanayankhe, khuthu! Yonse mumphika.

"Mami, imeneyo ndi saladi, saphi..." anayamba bwenzi langa. Ndinamuponda phazi mpaka anameza mawu otsalawo. Agogo anandilera kuti wamkulu sumuwongola pamaso pa anthu, ngakhale atavala malaya chogadabuza.

Ndinaima pambali n'kumayang'ana. Nkhaka zinafota. Tchizi chinaphwasuka, msuzi n'kusanduka wotuwa ngati wotendera. Azitona ankawavuula limodzilimodzi ndi chipande.

"Jambula uyu ndi wowola, mwanangu. Anakupusitsani kusitoloko."

"Pepani, Amayi," ndinatero.

Patebulo ndinkangowerenga nkhope. Amalume ake a bwenzi langa, amene anachokera ku Oshawa kudzandiona nawo, anathira msuzi pampunga, analawa, kenako anathiranso.

"Achemwali, nkhukuyi mwaitani? Ku Ntcheu simunkaphika chonchi."

"Funsani mpongozi wangayu," anatero mayi aja, akundiloza ndi fupa.

Mpongozi. Mawuwo anatuluka pakati pa kutafuna, koma ndinawamva bwinobwino.

Mayi aja anapitiriza: "Anyezi amadula mokulitsa, zimenezo ndimuphunzitsa. Koma mtsikana wopita kwa eni ake atakonzeratu zokazingira, ameneyo ndi wolangidwa. Agogo akewo anali munthu."

Bwenzi langa anatsamwa, anachita kumupatsa madzi.

Tinakwatirana chaka chotsatira. Mpaka lero apongozi akabwera amandiuza kuti, "Ukonze zodula zija, koma jambula usaikemo." Ndimakonza. Azitonawo timadya tokha iwo akapita kukasamba.

Gogo wa ku Greece uja anandifunsa ngati saladi inakondedwa. Ndinamuuza kuti sinatsale ngakhale pang'ono.